Chikwangwani cha Dokotala wa Ng'ombe

Williston, North Dakota
24 Ogasiti

Amake Opal,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani pamasitepe a kutchalitchi. Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi. Tsiku lonse ndimayendetsa lole ya madzi kuchoka pachitsime cha mafuta china kupita pa china, ndipo mutandiona madzulo mungati ndabwereranso mumgodi wa malasha. Dziko lake ndi lathyathyathya. Munthu wobadwira m'mapiri a Kentucky ngati ine, maso amasowa potsamira.

Ndalama ya mwezi uno ndatumiza. Muyambe mwadzazitsa thanki ya gasi kusanazizire, mitengo isanakwere. Denga la chigafa cha malemu bambo lisiyeni, ndidzakhoma ndekha ndikabwera pa chikondwerero cha Chithokozo mu Novembala. Musalole achimwene anu a Delmer akwerepo. Mlamu wangayo udikoni amautha, koma nyundo amaigwira ngati akutsogolera nyimbo.

Tsopano za chikwangwani. Mwalemba kuti chaka chino simukufuna cha chipani chathu cha njovu pabokosi la makalata paja, chifukwa munthu amene chamuimika pa upulezidenti wanena kuti nkhani ya ana osabadwa aisiye kaye, ikuthawitsa mavoti. Ndinamumva nanenso pawailesi ya m'lole, ndipo zinandiwawa. Sindinaiwale dokotala uja anatiuza kuti mimba ya Opal tiichotse poti mwanayo adzabadwa wosiyana ndi anzake. Sindinaiwalenso zaka zisanu ndi zinayi zimene Mulungu anatibwereka mwanayo. Koma kachipani kachitatu mukunenako akukadziwa ndani? Munthu wake akuti ndi dokotala wa ng'ombe wa ku Nebraska. Ndafunsa a ku Nebraska amene ali pakampu pano, ngakhale ng'ombe zawo sizikumudziwa.

Chiyambire ukwati wathu, nyumba yathu imaima ndi chikwangwani chimodzi, ndipo wozika ndi wozula ndimakhala ine. Zakale zonse zili pamsomali m'chigafamo, mukawerenge nokha ngati pali china chosakhala cha njovu. Poti ine kulibe, pitani kwa a Delmer akupatseni chatsopano, muzike inuyo.

Ndasowa nyemba zanu ndi chigumu chotentha. A pakampu pano amaphika ngati tinawalakwira.

Mwamuna wanu,
Lonnie

Williston
9 Sepitembala

Amake Opal,

Moni wa kuno. Ndili moyo, ndikugwira ntchito. Ndasangalala kumva kuti bondo likupezako bwino ndi kuti galu wathu Sheriff wasiya kuthamangitsa wapositi.

Kalata yanu yanena za gasi, za tomato, za mvula, koma za chikwangwani ndamva kwa a Delmer pafoni. Akuti pabokosi la makalata la Lonnie Sizemore paima chikwangwani chachikasu cha dokotala wa ng'ombe, ndipo chigwa chonse cha Cane Fork chikuchepetsa liwiro la galimoto pofuna kuwerenga. Ndinachita manyazi kumva za pakhomo panga kwa mlamu.

Tsiku limenelo ndinalowa modyera nkhope ili gwa. Pali mdala wina wa ku Oklahoma, Burl, pakamwa pake sipatseka.

"A Lonnie, mwatani? Akulandani mkazi?"

"Andilanda ndithu," ndinatero. "Dokotala wa ng'ombe."

Nditafotokoza, Burl anaseka mpaka kutsamwa khofi. "Aise, voti yopatsa ameneyo bola uipichire fodya usute, upezepo kanthu. Aliyense wothawa njovu akukankha ngolo ya chipani cha bulu, afune asafune."

Ruiz, Mkatolika wa ku Texas amene ndimasinthana naye lole, anaika foloko pansi. "Inu a Burl, chipani chimenechi chimatikumbukira chaka cha chisankho chokha. Ife opemphera chimatiyesa nkhuku za pakhomo, zoti ngakhale osaziwazira kanthu madzulo zilowa zokha m'khola."

"Ndiye iwe uvotera wa ng'ombeyo?"

"Ine? Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, mdala. Ndikungonena kuti mayiwo sakupenga."

Kuti simukupenga ndikudziwa. Koma taganizani. Amene apambane adzasankha oweruza a khothi lalikulu, ndipo oweruza amakhalapo mpaka imfa. Wa njovuyu ndi wofooka, inde, koma wa bulu ali mbali inayo poyera. Munthu wofooka mungamukoke malaya. Dokotala wanuyo mudzamukoka ali kuti, poti pofika Disembala adzakhala akubereketsa ng'ombe kwawo?

Chizuleni mwakachetechete chisanafike m'makutu a abusa. Anyezi muwakumbe sabata ino, asaolere pansi.

Ndimakuganizirani m'mawa uliwonse ndikamatenthetsa injini.

Lonnie

Williston
28 Sepitembala

Amake Opal,

Ndikhulupirira muli bwino m'thupi, poti za mumtima mwandiuza. Mukaona zilembo zikukhota musadabwe. Payipi inandipana dzanja pang'ono, amanga nsalu. Si kanthu.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Ndiye Abusa Caudill analalikira kuti wotaya voti chaka chino magazi a ana adzakhala pamanja pake, akuyang'ana benchi yathu? Ndipo madikoni akuimitsani kuphunzitsa Sande sukulu mpaka chisankho chidutse? A Delmer analipo pogamula zimenezo za mchemwali wawo weniweni? Ndinakwiya mpaka ndinatuluka panja kukayenda, ngakhale kuno kulibe kopita. Ana a m'chigwa chonsecho anaphunzira nkhani ya Zakeyu pamiyendo panu. Magazi a ana pamanja a mayi amene anakana kusaina pepala la dokotala, aliyense akumuuza kuti asaine. Abusawo nthawi imeneyo anali asanamere ndevu.

Mwalemba kuti mwachoka pabenchi yathu yachitatu, mukukhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo akazi anzanu akukupatsani moni wa m'maso. Benchi imeneyo tinakhalapo atatu, kenako awiri. Kuiganiza ili yopanda munthu kukundisowetsa mtendere.

Koma ndinganame ndikati abusa alakwitsa zonse. Alakwitsa kanenedwe. Nkhani ya oweruza ndi yoona. Ndipo pali ina imene abusa sangainene paguwa, ndiinene ine. Migodi ya kwathu itatsekedwa ndinakhala pakhonde chaka chathunthu, inu mukundiyang'ana. Ine ndimakhulupirira kuti wa bulu akalowa, zitsime za kuno zitsatira migodi. Ndidzapitanso kuti pamsinkhu uno? Mukanena za chikumbumtima ndimamva, koma gasi wa m'thankimo sagulidwa ndi chikumbumtima.

Chizuleni, Amake Opal. Mukavote mmene mtima wanu ukufunira, m'kachipinda muja simulowa abusa. Koma chikwangwani chichoke, mubwerere pabenchi yathu, anawo muwaphunzitse. N'chifukwa chiyani mukufuna kuti aliyense adziwe?

Pepala langa lovotera lafika papositi dzulo. Ndaliika m'kabokosi ka m'lole, sindinalembepo kanthu.

Lonnie

Williston
12 Okutobala

Amake Opal,

Moni. Kuno chipale chofewa chayamba kugwa, pamene kwathu masamba angoyamba kufiira. Dzanja likupola, kungoti zala ziwiri sizikumva kuzizira. Kuno zimenezo ndi mwayi.

Kalata yanu inali yaifupi. Mwati mukufuna aliyense adziwe chifukwa chipani chimawerenga anthu ochoka, osati ong'ung'udza ali momwemo. Mwati chaka chino asiya nkhani ya ana tikavota, chaka china adzasiya ina tidzavotanso, mpaka tidzaiwala chimene tinalowera. Kenako mwati, "Benchi yakumbuyo ili ndi malo a anthu awiri." Mawu amenewo ndayenda nawo sabata yonse.

Ndinamuwerengera Ruiz tikudikira kupopa madzi. Anakanda m'mutu.

"Achimwene, ndikufunseni. Kentucky ipita kwa ndani?"

"Kwa njovu. Funso lanji limenelo?"

"Ngakhale inu mutavotera galu wanu?"

"Ngakhale nditavotera Sheriff."

"Ndiye mavoti onse a chigawo chanu apita kwa wopambana, yanu ikhalepo isakhalepo. Mukanakhala a ku Pennsylvania, kumene zimalimbana, ndikanamva. Nanga mukulimbirana chiyani ndi mayi a kunyumba?"

Ndinamuuza kuti aliyense ataganiza choncho, Kentucky imeneyo sikhalanso ya njovu. Anati, "Mwina. Koma aliyense si mwamuna wa mayiwo." Mnyamata ameneyu ndi wamwano, kungoti amayendetsa bwino.

Sindikudziwa, Glenna. Agogo anga anavotera njovu, bambo anga chimodzimodzi, ndipo ine ndimaona ngati kuchoka n'kuthawa nkhondo ili pakati. Inu mukuona ngati nkhondoyo atsogoleri anaithawa kale, tatsala ndife tikulondera mahema. Wina mwa ife akulakwitsa, ndipo kulibe woti atiuze.

Ndakumbukira mmene tinkachitira tsiku lovota. Kuvala za Lamulungu, kupita kunyumba ya ozimitsa moto kumene timavotera, Opal pakati atatigwira manja. Amayi a patebulo ankamupatsa kapepala komata kolembedwa kuti wavota, iye n'kukamata pamphumi, osalola kusamba kumaso mpaka mawa. Pobwerera tinkaima pamalo odyera a mnzanu Verna kudya payi ya maapozi. Sitinafunsanepo kuti wavotera ndani, panalibe chofunsa.

Mapaipi a madzi a kuseri muwakulunge nsanza kusanaundane.

Lonnie

Williston
24 Okutobala

Amake Opal,

Ndili bwino. Ndikhulupirira inunso, ngakhale yanga yapita ija simunayankhe.

Ndisazungulire. Pepala lija ndalemba ndipo ndaponya papositi. Ndavotera njovu. Ndinakhala nalo m'lole nthawi yaitali, cholembera chili pamwamba pa dzina la dokotala wanu, koma dzanja linakana. Ndikanatha kukunamizani, poti voti ya papositi amakaiwerengera kuboma, ndipo palibe akanadziwa. Koma sindinakunamizenipo chiyambire, sindiyamba ndili ndi imvi. Ndachita zimene ndikukhulupirira, monga inu. Sindinasangalale nazo, ndipo potuluka papositipo sindinamve ngati munthu woti wapulumutsa dziko.

A Delmer anaimbanso. Akuti wina anagunda chikwangwani chanu ndi galimoto, bokosi la makalata n'kupindika, ndipo inu munachidzutsa n'kuchimangirira ndi waya pachitsulo cha mpanda. Anandiuza akuseka. Ndinawauza kuti akamudziwa mwini galimotoyo amuuze kuti bokosi limenelo ndinazika ndine, ndipo ndikubwera. Kuseka kunatha. Ngati mukuopa kugona nokha, itanani Verna. Sheriff azigona pakhonde.

Za kuzula sindinenanso.

Kuno malole ena awaimika kuseri kwa kampu, akuti mtengo wa mafuta watsika. Burl wapita kwawo. Yanga ikuyendabe. Ya mwezi uno ichedwa pang'ono, musadere nkhawa.

Lembani, ngakhale mzere umodzi wondikalipira.

Lonnie

Williston
1 Novembala

Amake Opal,

Moni kuchokera kozizira kuno. Ine ndilipo.

Ndimapita ku ofesi ya kampu masana aliwonse, ndipo mayi wa makalata wayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Pafoni ndayesa, imangoitana. Ndikudziwa kuti mumakhala pomwepo, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene mumasenda mbatata pawindo.

Sindikudandaula. Munandiitanira pabenchi, ine ndinakutumizirani malangizo a mapaipi. Chimene chikundidya n'chakuti sindikudziwa ngati malo aja akadalipo. Ukwati wathu wapirira mgodi, wapirira maliro a mwana, ndipo sindinaganizepo kuti ungadzagwedezeke chifukwa cha andale awiri amene sadziwa n'komwe kuti Cane Fork ili kuti.

Lamulungu ndinapita ku katchalitchi kena ka kuno. Ndinafika mochedwa, ndinakhala kumbuyo. Sindinkadziwa kuti kumbuyo kumazizira choncho, chitseko chikatsegulidwa mphepo yonse imayambira pa iwe. Kumbuyo umaona misana ya anthu yokhayokha. Ulaliki sindinaumve, ndinkangoganiza za inu ndi bondo lanulo.

Lachiwiri muvale chikhoti chobiriwira chija, kunyumba ya ozimitsa moto mzere umayambira panja. Muyende mutu uli m'mwamba. Pobwerera muime kwa Verna mudye payi, ngakhale muli nokha. Mudye ndi yanga.

Chithokozo chayandikira. Ndiuzeni ngati ndibwere. Mukati ndisabwere ndidzamva, Ruiz wati kwawo ku Texas nkhukundembo ya Chithokozo imakwanira aliyense. Koma ine ndikufuna kwathu. Ndikufuna kumva sitepe yachiwiri ya pakhonde ikulira ndikaiponda, ndi inu mukukuwa muli kukhitchini kuti nsapato zitsale panja.

Mwamuna wanu, ngati mukundiwerengabe choncho,
Lonnie

Williston
15 Novembala

Glenna,

Lero ndikuti iwe, monga ndinkanenera tisanakhale makolo a munthu. Ndili bwino, ndipo ndadziwa kuti nawenso uli moyo poti envelopu yako yafika. Mayi wa makalata anachita kundithamangira nayo panja osavala chikhoti.

Ndinapezamo kachidutswa ka nyuzipepala ya kwathu, zotsatira za amene anavotera kunyumba ya ozimitsa moto ya Cane Fork. Njovu mazanamazana, bulu ochepa, dokotala wa ng'ombe awiri. Pansi pake walemba kuti, "Wachiwiriyo si inu, ndikudziwa."

Si ine. Ndakhala ndikuwayang'ana mawu amenewo, ndipo ndikuuze zoona, ndachita nsanje. Pali munthu m'chigwa chathu amene analowa m'kachipinda muja n'kuima nawe, ine mwamuna wako ndili kuno. Ndipo ku Cane Fork kulibe wovota amene sapemphera kutchalitchi cha Abusa Caudill. Ndiye kuti munthuyo amakhala m'tchalitchi momwemo Lamulungu lililonse, wakupatsa msana miyezi iwiri yonseyi, akudziwa mumtima kuti ukunena zoona. Ndayesa kuganiza kuti ndi ndani. Verna? Mayi abusa? Ndinafika poganizira a Delmer, ndinaseka ndekha m'lole, kenako ndinasiya kuseka. Ruiz akuti, "Achimwene, ameneyo ali ndi voti koma alibe msana. Inu voti munataya kale, msana mukadali nawo."

Sindikuuza kuti ndasintha maganizo. Chisankho china chikadzafika mwina tidzakanganabe, ndipo mwina ndidzavoteranso njovu. Za oweruza ndikuziopabe. Koma voti ndi ya m'kachipinda, ya mphindi imodzi. Benchi ndi ya Lamulungu lililonse, ndipo pamenepo ndi pamene unandiitanira. Ndinachedwa kumva.

Ntchito yatha. Anatiitana Lolemba, akuti mafuta atsikiratu, malole onse aima mpaka chaka cha mawa. Sanafunse kuti tinavotera ndani. Dzanja lija silinali pang'ono monga ndinanenera, udzaliona wekha, usadzakalipe kwambiri.

Kachidutswa kaja ndinakatembenuza nditakhala kale pansi ndi chisoni changa. Kuseri kwake, pamwamba pa malonda a matayala, ndinapeza walembanso kuti, "Denga la chigafa likudontha." Ndinalira, Glenna, pamaso pa Ruiz, ndipo iye anayamba kupukuta galasi la lole limene linali loyera kale.

Ndinyamuka Lachinayi. A Delmer asakwerepo. Chikwangwani chachikasucho usazule, wozula pakhomo paja ndine. Ndidzachimasula pawaya, ndidzachiwongola pamene chinagundidwa, ndipo chidzakhala pamsomali m'chigafa pamodzi ndi zinzake, denga litakhomedwa kuti chisanyowe.

Lamulungu tidzapita molawirira, anthu atione tikulowa. Abusa akakubwezera Sande sukulu, ulandire, anawo sanalakwe. Koma kubenchi yachitatu tisafulumire kubwererako. Iwe udzakhale chakukhoma, ine mbali ya chitseko, kumene kumalowera mphepo.

Lonnie